Mapiritsi a matenda oiwala aja akuwathandizadi amayi, kapena tikungowazunza?

Make Chisomo, Bangula
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani ya amayi anga ondibereka, ndipo ndikufuna maganizo, makamaka kwa inu a zachipatala. Amayi ali ndi zaka 76. Kuiwala anayamba kale pang'onopang'ono, koma zinafika poipa titachoka kumsasa pambuyo pa namondwe wa Freddy mu 2023. Nyumba yakale inapita ndi madzi, tinamanga ina kumtunda, ndiye mpaka lero iwo amati pano si pawo. Dzuwa likapendeka amamanga kamtolo n'kumati ndiperekezeni kwathu. Mchere mu ndiwo amathira kawiri, pena katatu. Ine amandiitana dzina la mng'ono wawo amene anamwalira ndili mwana.

Achimwene anga ali ku Joni. Anafunsafunsa kumeneko, anapeza mapiritsi otchedwa donepezil n'kutumiza ndi munthu wa pabasi. Pabokosi palembedwa 10 mg. Ndimawapatsa limodzi m'mawa uliwonse asanadye kanthu, ino ndi sabata yachisanu ndi chiwiri. Chimene ndikuona ine ndi nseru, kutsekula m'mimba, nsima akungodya mbamu ziwiri, thupi latha. Kuiwala kuli pomwepo. Achimwene pafoni akuti ndisasiye, mankhwalawa ndi odula ndipo amagwira mochedwa. Alipo pano amene anaonapo munthu atachira nawo?

Alufandika, Ngabu
Pepani mayi. Koma ine ndimaona ngati umenewu ndi ukalamba basi. Agogo athu onse ankatero, kunalibe za mapiritsi. Munthu akakula amabwerera ku umwana. Asiyeni apume, muziwaphikira phala.

Bambo Zuze, achipatala, Chikwawa
A Make Chisomo, ndiyambe ndi chofulumira, zina tikambirana pambuyo. Sabata ino ndithu apititseni amayi kuchipatala chimene muli nacho pafupi. Musanyamule bokosi la ku Joni lokha ayi. Tengani mankhwala onse amene ali m'nyumbamo, a kuchipatala, a pagolosale, ngakhale a zitsamba, muike m'jumbo limodzi pamodzi ndi kabuku kawo ka kuchipatala. Mukauze dokotala kuti awerenge kugunda kwa mtima, chifukwa donepezil amachedwetsa mtima ndipo nkhalamba imatha kukomoka n'kuthyoka chiuno. Ndiye kutsekula m'mimba ndi kutentha kwa kuno kuchigwa, madzi amatha m'thupi msanga, ndipo kutha kwa madziko pakokha kumasokoneza mutu.

Chachiwiri, mwayambira pamwamba. Mankhwalawa amayambira pa 5 mg, munthu amwe milungu inayi kapena isanu ndi umodzi, thupi likazolowera ndi pamene amakweza kufika pa 10 mg. Nseru mukuionayo siikundidabwitsa.

A Alufandika, ndikutsutsani mwaulemu. Kuiwala pamene waika fodya ndi ukalamba. Kuiwala kuti amene akukusambitsa ndi mwana wako, amenewo ndi matenda a mu ubongo. Nkhalamba zambiri zimafika zaka 90 mutu uli gwa, zikukuuza malire a munda wa agogo ako.

Alufandika, Ngabu
Chabwino adokotala, ndamva. Koma funso la mayiwa simunayankhe. Amachiza kapena sachiza?

Bambo Zuze, achipatala, Chikwawa
Sachiza. Mpaka lero palibe mankhwala amene amachiza Alzheimer, amene ndi mtundu wofala kwambiri wa matenda oiwalawa. Bungwe la WHO limati mwa odwala 100 aliwonse, 60 mpaka 70 amakhala a mtundu umenewu.

Amagwira chonchi. Mu ubongo, timitsempha timatumizirana uthenga pogwiritsa ntchito timadzi totchedwa acetylcholine. Pa Alzheimer, timitsempha topanga timadzito timafa. Donepezil, ndi anzake awiri rivastigmine ndi galantamine, amaletsa chinthu chimene chimaphwanya timadzito, kuti tochepa totsalato tikhalitseko. Inu a ku Ngabu ganizani za ngalande ya kusikimu. Mukatseka pamene pakudontha, madzi afikako ku mizere ina iwiri. Koma ngati mtsinje womwewo ukuphwa, kutsekako sikubweza mtsinje.

Tsono kukula kwa phindu lake. Pali mayeso a mafunso amene munthu amapeza mpaka mapointi 30. Akaphatikiza kafukufuku wosiyanasiyana, amene anamwa donepezil miyezi isanu ndi umodzi amaposa amene anamwa mapiritsi opanda mankhwala ndi pointi imodzi kapena kupitirira pang'ono. Pa mayeso ena a mapointi 70, kusiyana kwake sikufika bwinobwino pa 3. Imeneyo ndi avereji. Mkati mwake muli ena amene abale amaona kusintha, ena ambiri amene amangoima pamodzi kwa kanthawi, ndi ena amene sapindula kalikonse koma nseru yokhayo. Donepezil anavomerezedwa ku America mu 1996, choncho si mankhwala atsopano amene tikungowaganizira. Tikuwadziwa bwino mphamvu yake ndi pamene imathera.

Fombe wa kabaza, Nchalo
Pointi imodzi pa 30? Kkkk adokotala, mwana wanga atabwera ndi pointi imodzi yowonjezera nditamulipirira part time miyezi sikisi, ndikakatenga ndalama zanga kwa aphunzitsiwo.

Aphunzitsi opuma, Muona
A Fombe mwandiseketsa, koma ndikuuzeni za pointi imodziyo mmene imaonekera pakhomo. Bambo anga anadwala matendawa zaka zisanu ndi ziwiri. Anawaona ku Blantyre, anawalembera donepezil yemweyu, ndipo tinkagula tokha ku famase chifukwa kwathu kuno sankapezeka. Asanayambe kumwa anali atafika poti usiku akadzuka sakudziwa kumene kuli chimbudzi, amangoima pakona ya nyumba. Mukawafunsa kanthu amangokuyang'anani. Patatha miyezi ngati iwiri anayambanso kupita okha kuseri, anayamba kufunsa ngati mbuzi zalowa m'khola, ndipo ku tchalitchi ankatsatira nyimbo. Tsiku ndi mwezi sankadziwabe. Dzina langa pena ankalipeza pena ayi. Pa mayeso anuwo mwina inali pointi imodzi yomweyo. Koma kwa amayi anga, amene ankachapa zofunda m'mawa uliwonse pa mjigo anthu akuona, sinali nkhani yaing'ono.

Zinakhala choncho chaka chimodzi ndi miyezi ingapo, kenako anayambanso kutsika, mapiritsi akumwa ndithu. Sindinganame kuti ndikudziwa kuti anali mankhwalawo kapena matendawo anangopumira okha, chifukwa amatero, pena amathamanga pena amayenda. Ndalama zinapita zambiri, penshoni yanga inkathera pamenepo ndi pa transipoti yokwera mapiri a Thabwa. Mutandifunsa lero ngati ndingachitenso, ndingati eya. Koma mlamu wanga anayesa omwewo kwa amayi ake, anangosanza milungu itatu n'kusiya. Anthu awiri, mudzi umodzi.

Make Chisomo, Bangula
Takhuta aphunzitsi. Adokotala, ndasonkhanitsa za m'jumbo zija. Muli timapiritsi ta BP tomwe amamwa akakumbukira kapena ndikakumbukira ine. Muli amitriptyline, anawapatsa chaka chatha chifukwa miyendo imawotcha usiku. Ndiye ine ndimawagulira Piriton pagolosale kuti azigona, chifukwa akapanda kugona amatuluka panja.

Nyakwawa wa ku famase, Nsanje boma
Mayi, apa ndi pamene pagona nkhani. Adokotala anena kuti donepezil amasunga acetylcholine. Amitriptyline ndi Piriton amachita zosiyana ndi zimenezo, amatsekereza acetylcholine yemweyo kuti asagwire ntchito. Ndiye m'mawa mukupalasa bwato kupita kutsidya, madzulo mukupalasa kubwerera. Kwa munthu wachikulire mankhwala awiriwa amawonjezera kusokonezeka mutu, amaumitsa kukamwa, amadzimbitsa, ena mkodzo umavuta kutuluka. Enanso a gulu lomweli ndi promethazine ndi Artane. Ine ndaonapo agogo amene anangowachotsera mapiritsi otere n'kuyera m'maso kuposa mmene donepezil akanachitira.

Piriton musagulenso. Koma amitriptyline musasiyitse nokha mwadzidzidzi popeza amwa nthawi yaitali, akakuuzeni kuchipatala mmene angachepetsere.

Bambo Zuze, achipatala, Chikwawa
A Nyakwawa anena zoona. Ndiwonjezere ichi, chimene chikundivuta kwambiri pa nkhani yonseyi: palibe amene wawayeza amayiwa n'kunena kuti ndi Alzheimer. Tangoyamba ndi mankhwala. Kuno kwathu pali zinthu zingapo zimene zimaoneka ngati matenda oiwala koma zili ndi chithandizo chake. Kuchepa kwa vitamini B12, ndipo miyendo yowotchayo ikundipangitsa kuganizira zimenezo, pamodzi ndi shuga. Chithokomiro chofooka. Chindoko chakale chimene chinafika ku ubongo. HIV, ndipo musati nkhalamba siyezedwa, timayeza. Matenda a nkhawa ndi kukhumudwa, makamaka kwa munthu amene anaona nyumba yake ikupita ndi madzi. Kusamva bwino m'makutu. Ndipo ngati munthu wasokonezeka mwadzidzidzi, dzulo anali bwino lero sakudziwa anthu, thamangirani kuyezetsa malungo, chibayo kapena matenda a m'chikhodzodzo.

Kenako BP. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu m'Malawi muno ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sadziwa. BP imapha timitsempha ta magazi mu ubongo, timasitiroko ting'onoting'ono tosaoneka, ndipo munthu amatsika ngati masitepe: wakhazikika, wagwa, wakhazikika, wagwanso. Pa mtundu umenewu donepezil amathandiza pang'ono kwambiri. Piritsi la BP lomwe mukuti amamwa akakumbukiralo mwina ndi limene likanateteza ubongo wawo kuposa la ku Joni.

Mai a Tadala, Leeds
Moni akwathu, ine kwathu ndi kwa Tengani koma ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku England, chaka chachisanu tsopano. M'nyumba imene ndimagwira, ambiri amamwa donepezil kapena memantine, ena onse awiri. Memantine amagwira mwa njira ina, amapatsidwa matenda akafika pakati kapena patali, ndipo sachititsa nseru kwambiri. Koma ndikuuzeni, palibe ndi mmodzi yemwe amene ndinamuona atabwerera mwakale. Azungu ndi ndalama zawo zonse amaiwala ana awo chimodzimodzi.

Chimodzi chokha ndiwonjezere kwa aphunzitsi. Kuno anachita kafukufuku wotchedwa DOMINO, anatuluka mu 2012. Anatenga anthu amene amwa kale donepezil nthawi yaitali ndipo matenda afika patali, ena anapitiriza, ena anawasiyitsa. Patatha chaka, opitiriza aja anali pamwamba ndi mapointi pafupifupi awiri pa 30 paja, ndipo ankathanso kudzichitira zinthu kuposa anzawo. Ndiye pena mankhwalawa umaona ntchito yake ukawasiya. Zimenezi zikukhudza munthu amene thupi linawalandira. Amayi a ku Bangulawa ndi nkhani ina, iwo akuwonda.

Joe, Johannesburg
Ine ndi achimwene akunenedwawo. Wina wanditumizira nkhaniyi. Achemwali, mukanandiuza kuti amayi akutsekula m'mimba chonchi sindikanakakamira. Pafoni mumangoti ali bwino pang'ono. Ine kuno ndimagwira ntchito ya usiku, ndalama ya bokosi limene lija ndinachita kudzimana. Munthu uli kutali, amayi ako sakukuzindikira mawu pafoni, ungatani? Umafuna utumizeko kanthu kooneka.

Koma ndifunse. Ndinaona pa YouTube kuti ku America kwatuluka jakisoni amene amachotsa matendawa mu ubongo. Ameneyo bwanji? Ngati n'kotheka tigulitse ng'ombe ziwiri zija.

Make Chisomo, Bangula
Achimwene, sindinabwere pano kudzakunenani. Ndinkaopa kukuuzani chifukwa ndikudziwa mmene munavutikira. Ng'ombe zisiyeni kaye.

Mai a Tadala, Leeds
Achimwene a ku Joni, ng'ombe zisiyeni ndithu. Amene mukunenayo ndi lecanemab, anavomerezedwa kwathunthu ku America mu 2023, ndipo mnzake donanemab mu 2024. N'zoona amachotsa zinyalala zotchedwa amyloid zimene zimaunjikana mu ubongo. Koma munthu sachira, amangotsika mochedwerako. Pa kafukufuku wa lecanemab wa miyezi 18, anati kutsika kunachepa ndi 27 peresenti. Zimamveka zambiri, koma pa sikelo ya mapointi 18 kusiyana kwake kunali kosafika theka la pointi. Lecanemab poyambira amaperekedwa pa diripi milungu iwiri iliyonse, kwa okhawo amene matenda angoyamba kumene ndipo ayezedwa kuti amyloid alipodi. Ena ubongo umatupa kapena kukha magazi, choncho amafunika kujambulidwa ndi makina a MRI kangapo. Mtengo wake ku America mu 2023 unaikidwa pa madola 26,500 pachaka, mankhwala okha. Ngakhale kuno ku England, bungwe loona ngati mankhwala akuyenerana ndi mtengo wake linakana kuti zipatala za boma ziziwagula. Ndiye kuchokera ku Bangula, milungu iwiri iliyonse? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, achimwene. Ndalamayo mulipire mtsikana woti azithandiza achemwali anu masana, nawonso agoneko.

Mbusa Thom, Makhanga
Ine za mapiritsi sindidziwa, koma mawu akuti amatuluka panja usiku andiopsa. Kuno mayi wina wachikulire anapezeka mbandakucha kuseri kwa nyumba ya eni ake atavula, sakudziwa kumene ali. Anthu atamufunsa kuti ukutani kuno, iye n'kumangovomera chilichonse. Mukudziwa zimene anthu ananena. Zikanakhala kuti amfumu sanafike msanga, bwenzi tikunena zina. Tonse tikukumbuka za ku Neno mu 2016, nkhalamba zinayi zinaphedwa pa nkhani ya ufiti. A Make Chisomo, pitani kwa amfumu ndi kumpingo mukanene poyera kuti amayi akudwala, achipatala akulembereni m'kabuku. Anthu adziwiretu lisanafike tsiku loipa. Ndipo lamulo la dziko lino, la mu 1911, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti.

Fombe wa kabaza, Nchalo
Nanga osangowapatsa mankhwala aja amapatsa odwala misala kuti azigona? Neba wathu anawabaya jakisoni agogo ake, anagona masiku awiri, mudzi unapuma.

Bambo Zuze, achipatala, Chikwawa
A Fombe, amenewo ndi chlorpromazine kapena haloperidol, ndipo ndi amene ndimawaopa kwambiri pa nkhalamba zoiwala. Sathandiza kukumbukira ngakhale pang'ono. Amalimbitsa thupi, munthu amayenda mokoka miyendo, amagwa, amatsamwa chakudya. Ku America boma linalamula mu 2005 kuti mankhwala atsopano a gulu limeneli alembedwe chenjezo loti amawonjezera imfa kwa okalamba odwala matenda oiwala, ndipo mu 2008 chenjezolo linafikanso kwa akale ngati awiri ndatchulawa. Timawagwiritsa ntchito pokhapokha munthu akufuna kudzivulaza kapena kuvulaza ena, pamlingo wochepa, kwa nthawi yochepa. Diazepam nayenso chimodzimodzi, amagwetsa. Nthawi zambiri nkhalamba ikamavuta usiku pali chifukwa: ululu umene sikutha kuufotokoza, mkodzo, njala, kutentha m'nyumba ya malata, kapena yagona usana wonse.

A Make Chisomo, mukafuna kudziwa ngati mankhwala aliwonse akuthandiza, musadalire mafunso a pa pepala okha. Mayeso aja amafunsa deti, amati chotsera 7 pa 100, amati lemba chiganizo. Amayi amene sanapite kusukulu angalephere ali bwinobwino. Tengani kope la mwana, kamodzi pa sabata muzilemba zinthu zomwezomwezo: asamba okha? avala chitenje bwino? apeza chimbudzi? adya mbamu zingati? atuluka usiku kangati? akutha kupeta? Pakatha miyezi itatu kopelo lidzakuuzani zoona kuposa ine, kuposanso achimwene pafoni. Ngati kuchipatala chanu aona kuti pakufunika akatswiri, akutumizani ku Queen Elizabeth ku Blantyre, komanso m'zipatala za maboma mumakhala achipatala oona za matenda a maganizo.

Alufandika, Ngabu
Ndiye mwabwerera kwa ine pomwe adokotala. Phala ndi kuwasamala. Kkkk.

Bambo Zuze, achipatala, Chikwawa
Phala eya, koma atayezedwa kaye magazi ndi BP. Pamenepo ndi pomwe tikusiyana.

Make Chisomo, Bangula
Ndabweranso patatha milungu isanu, ena mumandifunsa kumbali. Tinapita. Mtima unkagunda 52 pa mphindi, dokotala anati donepezil tiyambe taimitsa. Anapeza magazi ochepa ndi BP yokwera kwambiri, shuga alibe, HIV ndi chindoko alibe. Za B12 anati makina oyezera palibe pamenepo, koma anawayamba jakisoni wake poona magazi ndi miyendo ija. Amitriptyline anachepetsa pang'onopang'ono, pano asiya. Piriton ndinataya m'chimbudzi.

M'kope muli izi. Kutsekula m'mimba kunatha sabata yoyamba. Nsima akumaliza. Kutuluka usiku kunali kanayi pa sabata, sabata yathayi kamodzi, ndipo ndinamanga kabelu ka mbuzi pachitseko. Lachiwiri ndinawapatsa lichero la mapira, anapeta bwinobwino mpaka kundikalipira kuti ine ndimataya ambiri. Koma madzulo kamtolo kaja akumangabe, ndipo ine ndikadali mng'ono wawo uja. Ndasiya kuwatsutsa, ndimangovomera, tikazungulira nyumba kamodzi n'kuwauza kuti tafika.

Dokotala akuti mwezi wamawa akaonanso mtima, ukakhala bwino tingayesere 5 mg madzulo atadya, miyezi itatu, tione kope. Achimwene akufuna tiyese. Ine mtima uli pawiri, chifukwa ndi koyamba chaka chino kuwaona akunyambita zala. Aphunzitsi a ku Muona, bambo anu atayamba pa 5 mg, chakudya ankadya bwanji milungu yoyambirira?